Luwiza Akuti Chaka Chimodzi Chokha

Lolemba, 21 Okutobala 2024

Kope ili ndi la Luwiza, la kusukulu, linatsala masamba kumapeto. Ndamupempha. Wati, "Mulembamo chiyani agogo?" Ndati za mbewu. Si za mbewu.

Ine kulemba ndinaphunzirira ku ukalamba, ku sukulu ya kwacha, imvi zili mbuu. Dzanja limayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Koma nkhani iyi ndikati ndiyankhule pakamwa mtima umathamanga, ndiye bola ndiyike apa, pang'onopang'ono.

Nkhani yake nayi. Luwiza ndi mdzukulu wa mlongo wanga Stelia. Mayi ake anatisiya iye akukwawa. Tamulera ndife awiri, Stelia ndi ine, nyumba zathu zoyang'anizana. Mwini mbumba ndine, wamkulu wina palibe. Mayeso a Fomu 4 wakhoza bwino. Koma akuti maina a opita ku yunivesite satuluka msanga, adikire mpaka chaka chamawa. Tsono a Sisitere a ku Ludzi amene ankamuphunzitsa amupezera kokakhala chaka chodikiracho. Kunja. Dzina la dzikolo wandilembera papepala ndipo ndikukopera chilembo chimodzichimodzi: Montenegro.

Akuti kuli nyumba yosungiramo nkhalamba, ya masisitere anzawo. Akathandize kumeneko. Ulendo, chakudya, pogona, zonse n'za iwowo.

A Sisitere ati mwana sangapite popanda mawu a kwawo. Yankho alifuna pofika Lolemba pa 4 Novembala, kuti ayambe za pasipoti.

Luwiza wagwada pakhonde masana ano. Wati, "Ndi chaka chimodzi chokha, agogo."

Ndangoti ndamva.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Kutentha. Nazale ya fodya ndathirira ndowa zinayi basi, msana wakana. Zotsala wathirira Luwiza, akuimba.

Tili kudimba komweko ndamufunsa kuti dzikolo lili pati. Watulutsa foni, wandionetsa. Kadontho. Ngati pamene yanyera ntchentche pagalasi. Mbali ina nyanja ya mchere, mbali ina mapiri okhaokha. Akuti dzinalo litanthauza phiri lakuda. Ndati ngati n'mapiri, la Mchinji silo liri apo, ukakwere ubwereko madzulo. Waseka.

Ndati anthu ake ndi angati. Ati akungofanana ndi a boma lathu lino la Mchinji, dziko lonse lathunthu. Ha! Ndati ndiye anthu ochepa chonchowo akulephera bwanji kusunga nkhalamba zawo, mpaka kudzabwereka mwana kuno? Ati sadziwa, mukafunse a Sisitere.

Kenako ndafunsa limene ndinali nalo.

"Uthenga utakupeza Lachiwiri m'mawa, iwe kuno ungafike liti?"

"Uthenga wanji agogo?"

"Uthenga."

Wasiya kuthirira. Wawerenga ndi zala. Ndege zitatu. Masiku awiri panjira, kuphatikizapo kufunafuna malo m'ndegemo. Mwina Loweruka. Mwina Lamulungu.

Mwezi wotentha ngati uno munthu sitimusunga masiku atatu. Sindinanene. Nayenso akudziwa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Nkhani yamveka kale mudzi wonse. Kaya wanena ndani.

A Kwacha, oyandikana nafe amene amapalasa kabaza kuboda ya Mwami, aima pakhomo ndi njinga yawo. Ati, "Madala, mwaiwala atsikana aja a ku Oman amene tinkamva pa wailesi? Ankanyamukanso akusekerera. Kukafika uko pasipoti kulandidwa, munthu n'kusanduka kapolo wa m'nyumba." Mtima wanga unati myuu. Komanso, ndinene zoona pano poti palibe akuwerenga, unakondwako. Ndinati ndapeza chokanira.

Stelia anali pamtondo, wamva. Sanasiye n'kusinja komwe.

"A Kwacha, inu dziko munaliona liti? Kumwami n'kubwerera, basi mwayenda kunja?"

"Ine ndimanyamula anthu oyenda, mayi. Ndimamva."

"Mumamva fungo la m'khwapa mwawo."

A Kwacha aseka, apalasa, apita.

Atapita, Stelia wandilozera ndi mlomo nyumba ya kumtunda. Princess. Mnzake wa Luwiza, anamutsogolera ndi chaka chimodzi. Nayenso anakhoza, nayenso ankadikira maina. Podikirapo anayamba kugulitsa mbatata yokazinga kuboda kwa madalaivala a matiraki. Maina anatuluka, lake linalipo. Koma anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Dalaivalayo kaya ali ku Ndola kaya ku Beira. Lero ndi uyo akuyanika matewera.

Stelia wati, "Achimwene, Oman wina ali pompano."

Ndiye kuti uku phompho, ukunso phompho.

Lachisanu, 25 Okutobala

Sindinadye bwino. Palibe cholemba.

Loweruka, 26 Okutobala

Lero ndilemba zimene sindinauzepo mwanayu.

Mawu aja, chaka chimodzi chokha, si achilendo kwa ine. Ndinawanena ndi pakamwa panga pomwepa, mu 1966, ndili ndi zaka makumi awiri. Anzanga ankapita ku Rodeshiya kumafamu a fodya, n'kumabwera ndi njinga, bulangete, nsapato zolira. Ndinawauza amayi. Anali akusenda chinangwa kuseri kwa nkhokwe. Anakana. Anati bambo ako anamwalira, mlongo wakoyu ndi wamng'ono, denga adzafolera ndani? Ndinati chaka chimodzi chokha amayi. Anati ayi, ndakana.

Ndinanyamuka m'mamawa wake osatsazika. Wapansi mpaka ku Fort Jameson, kumene masiku ano akuti Chipata, kenako malole. Ndinakafikira pa famu ina kufupi ndi Sinoia.

Chaka chinatha, njinga inali isanakwanire. Ndinati china. Kalata sindinkadziwa kulemba. Panali kalaliki wa pafamupo amene ankalembera anthu, koma ndikafika pakhomo pake ndinkasowa poyambira. Ndiyambe ndi moni kapena ndi pepani? Ndinkabwerera. Mawa. Mawa lake mawa.

Amayi anamwalira mu 1970. Ine ndinamva mu 1972, kwa munthu wa ku Mkanda amene anabwera kudzafuna ntchito. Anangonena ngati nkhani ina iliyonse, akuganiza kuti ndikudziwa. Zitatero ndinati tsopano ndikapitirenji. Kenako nkhondo ya kumeneko, njira zinavuta. Ndinabwerera mu 1985. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mtchona weniweni, wa sutikesi imodzi. Njinga ndinabwera nayo, inde. Panalibe woionetsa.

Ndinapempha kuti andionetse pamene anagona amayi. Stelia pa malirowo anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ana sapita kumanda. Amene anakumba anali atatha. Panatsala nkhalamba ziwiri. Tinapita. Pansi pa mtengo wa muwanga pali mitumbira iwiri, wina kum'mawa wina kumadzulo, popanda mtanda, popanda mwala. Nkhalamba ina inati ndi uwu. Inzake inati bodza, uwo ndi wa mlendo wodutsa amene anafera pamudzi pano chaka chomwecho, wa amako ndi uwo. Anakangana pamaso panga mpaka kutukwanana. Onse anafa asanagwirizane.

Chiyambire pamenepo, tsiku lolambula kumanda pa 2 Novembala ndimalimira mitumbira iwiri. Ana ndinawauza kuti winawo ndi wa mng'ono wawo wa amayi. Amayi analibe mng'ono.

Dzanja latopa.

Lamulungu, 27 Okutobala

Itatha Misa ndawadikira a Sisitere pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wodekha, sakakamiza. Ndawafunsa za pasipoti yolandidwa. Ati mwana adzasunga yekha, ndipo nyumbayo iwo anakhalamo miyezi itatu, akuidziwa mpaka pamene pamakhala tsache. Ati akakafika azidzaimba foni Lamulungu lililonse. Ndati foni ndi foni.

Ndiye ndafunsa langa lija, kuti eni dziko ali kuti osasunga makolo awo.

Atulutsa foni, andionetsa kanema. Mudzi wa nyumba za miyala m'mbali mwa phiri. Mazenera otseka ndi matabwa. Udzu mpaka pakhomo. Munthu woyenda panjira palibe, galu mmodzi yekha. Kenako m'kati mwa nyumba ya nkhalambayo. Mayi wina wa duku lakuda, wowonda, wakhala pampando pazenera, manja pamiyendo. Dzina lake anandiuza koma lilime langa lakana.

Ati ana ake atatu onse ali ku Jeremani kuntchito. Achinyamata ambiri kumeneko amapita kumaiko aakulu. Wamng'ono ananyamuka zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ankati akagwire nyengo imodzi. Mayiyu mpando wake salola kuti auchotse pazenerapo, chifukwa pamaoneka msewu wa basi.

Ine ndimayesa atchona ndife tokha. Kani aliponso kwa azungu.

Ndawapempha abwereze kanemayo. Abwereza. Manja aja. Amayi ankakhala choncho, dzanja lina pamwamba pa linzake.

Pobwerera ndayenda ndekha, Luwiza anatsalira ku kwaya. Ndimaganiza: mwana wathu achoke kuno, akakhale pambali pa mayi amene ana ake anachoka, ine nditsale kuno ndikuyang'ana msewu. Ngati aliyense akanangokhala kwawo! Koma ndine ndani wonena zimenezi. Ine?

Lachiwiri, 29 Okutobala

Takangana ndi Stelia. Chibadwire sanandiyankhulepo chonchi.

Ndinapita kukamuuza kuti ndaganiza zokana. Anali akusola mtedza wambewu pamkeka. Ndati mwanayu sapita, ine ndikudziwa chimene chaka chimodzi chimabala.

Wati, "Inu munaletsedwa?"

Ndati eya, amayi anandiletsa.

"Ndiye munamva?"

Ndati za kale zisiye.

"Sindisiya. Inu munali ku Sinoia, amene ndinatsala nawo ndine. Mukudziwa chimene ankanena? Simunandifunsepo. Zaka zonsezi chibwerereni, simunandifunsepo."

Zoona. Sindinafunsepo. Ndinkaopa.

Wati amayi sankanena kuti mwana uja ndi woipa. Ankati, mwana uja sakubwera chifukwa ndinamukaniza, akuopa nkhope yanga. Ankati ndikanangomuuza kuti pita bwino, bwenzi atabwera ngakhale wopanda kanthu. Akuti ananena mpaka mlungu umene anamwalira. Munthu aliyense wopita kumwera ankamutuma kuti mukamuona Gelesoni mukamuuze kuti nkhani ija inatha. Palibe anandipeza.

Ndinakhala pansi, padothi pomwepo.

Chifukwa n'zoona. Sinali njinga. Sinali nkhondo. Pakhomo pa kalaliki paja chimene chinkandibweza chinali nkhope ya amayi kuseri kwa nkhokwe.

Stelia wapitiriza kusola. Patapita nthawi wati, "Dzukani achimwene, anthu aziti ndakumenyani."

Lachitatu, 30 Okutobala

Kukana ndikuopa. Kulola ndikuopa. Zaka zanga ndi 78. Chaka chatha anzanga a msinkhu wanga tinaika atatu. Miyendo imatupa madzulo, mpweya umachepa pokwera kuchokera kudimba. Chaka chimodzi kwa Luwiza ndi kadontho kaja ka pafoni. Kwa ine kaya.

Ndachita chinthu. M'nyumba munali chivundikiro cha sefuliya yakale ya malemu mkazi wanga, chija chosachita dzimbiri. Ndatenga msomali ndi hamala, ndapita kuseri kwa khola la mbuzi. Ndayamba kukhoma dzina langa, kabowo kabowo. Ndati kaya apita kaya sapita, wobwera mochedwa asadzalimire mitumbira iwiri. Adzangochikhomera pamtanda.

Ndikudziwa kuti n'zosayenera. Stelia atamva angati ndikudziitanira. Koma palibe chimene chandikhazika mtima sabata yonseyi ngati kulira kwa hamala ameneyu.

Lero zilembo zinayi. GELE. Maso anayamba kuyaka. Ndachibisa pa denga la khola.

Lachinayi, 31 Okutobala

Mitambo kumadzulo, mbali ya ku Zambia. Yangodutsa. Dzina loyamba latha.

Lachisanu, 1 Novembala

Luwiza wandipeza.

Ndinali nditayamba la Mbewe, ndakhoma ziwiri. Ndimayesa ali kumjigo. Ndangoona mapazi. Waima, ndowa ili pamutu, madzi akudontha paphewa. Wawerenga. Mwana wa sukulu sachedwa kuwerenga.

"Agogo, ichi n'chiyani?"

Ndati chikwangwani cha pangolo.

"Ngolo munagulitsa ndili Sitandade 6."

Watula ndowa bwinobwino, osataya ngakhale pang'ono. Wapita. Sanalire. Bola akanalira.

Kwa Stelia sananene, chifukwa bwenzi nditamva kale phokoso.

Loweruka, 2 Novembala

Kumanda. Anthu ambiri chaka chino, makasu, zikwanje, masache. A katekisiti atsogolera pemphero, kenako aliyense kwa ake. Stelia ndi Luwiza ayamba ndi chiliza cha mayi ake a Luwiza. Ine ndapita pa muwanga. Posachedwa Luwiza wanditsatira ndi khasu lake, monga amachitira chaka chilichonse. Iye wa kumadzulo, ine wa kum'mawa.

Tikulima, ndamuuza. Zonse. Za nkhokwe, za kalaliki, za munthu wa ku Mkanda, za nkhalamba ziwiri zotukwanana. Ndati mng'ono wa amayi kulibe, ndinakunamizani. Mmodzi mwa awiriwa ndi amayi anga, wina ndi mlendo, ndipo sindidziwa kuti amene ukulimirayo ndi uti.

Wamaliza mtumbira wonse, wazula ndi manja kaudzu kotsala, wasalaza dothi. Kenako wakhala pa mpini wa khasu.

"Agogo, sindipita. Lolemba ndikawauza a Sisitere."

Ndati ine sindinakane.

"Simunakane. Koma ndaona chivundikiro chija."

Ndati chija n'changa, chisakukhudze.

"Ndizikasambitsa agogo a eni, anga akukhoma dzina lawo kuseri kwa khola? Ayi. Ndidikira maina pompano. Ndizithirira nazale."

Wanena mosakwiya. Wanyamula makasu onse awiri, wanga ndi wake, watsogola.

Ndi zimene ndakhala ndikupempha kwa Mulungu masiku khumi ndi awiri. Wandipatsa.

Lamulungu, 3 Novembala

Ku Misa Luwiza wakhala kumbuyo ndi amayi a ana. Ku kwaya sanapite. Ati pakhosi.

Pepala lija la dzina la dziko ndalipeza pamoto pa Stelia, latsala kangodya. Foni ya Luwiza ili pawindo tsiku lonse, sanaigwire.

Masana ndamuona kumtunda kwa Princess. Wabereka mwana wa Princess kumbuyo, akumugwedeza, maso ali kumsewu wa kuboda kumene kumadutsa matiraki. Waima choncho nthawi yaitali. Sindikunena kuti angachite zimene anachita mnzake. Luwiza ndi Luwiza. Koma nkhope imeneyo ndikuidziwa. Ndi imene ndinali nayo tsiku limene amayi anati ndakana. Munthu wa nkhope imeneyo thupi lili pakhomo, koma wanyamuka kale. Ndipo wonyamuka choncho sabwera.

Stelia sakundiyankhula. Wanditumizira chakudya popanda mawu, ndiwo zopanda mchere. Dala.

Ndapambana. Pakamwa pakuwawa ngati ndatafuna masamba a fodya.

Lolemba, 4 Novembala

Ndadzuka dzuwa likutuluka, ndavala jekete la ku tchalitchi. Luwiza anali kudimba. A Kwacha anati andikweze, ndakana. Ulendo uwu umafuna miyendo yanga. Ndapuma kanayi panjira.

A Sisitere anali akutuluka m'chipinda chopempherera. Ndavula chipewa. Ndati ine Gelesoni Mbewe, mwini mbumba, ndabwera ndi mawu a kwawo kwa mwana. Apite. Akabwera kudzanena zina, muwuzeni kuti mawu a akulu anafika kale. Ati, "Mwatsimikiza, bambo?" Ndati ayi, sindinatsimikize, koma apite.

Pobwerera ndakumana naye pa mlatho wa matabwa, wavala diresi yake yabwino, akupita kukakana. Wadabwa kundiona ndi jekete.

Ndati bwerera, ndachokera komweko.

Wati, "Agogo, mwakanena chiyani?"

Ndamuuza kuti agwade. Wagwada pamsewu pomwepo, anthu a njinga akutilambalala. Ndaika dzanja pamutu pake.

Ndati, "Pita bwino, Luwiza. Ndakulola ine, ndi mtima wanga, pamaso pa anthu awa. Mayi wa pazenera uja ukamugwire dzanja. Ndipo tamvera ichi. Ukakachedwa, ukabwerebe. Zikakakuvuta, ukabwere wopanda kanthu. Uthenga ukakakupeza mochedwa, usakati ndikapitirenji. Palibe nkhope yoti uziiopa kuno, kaya ndilipo kaya palibe. Wamva?"

Apa ndiye walira. Kulira kwenikweni, kwa mamina, diresi yonse fumbi. Wagwira mwendo wanga.

"Koma agogo, ndi chaka chimodzi chokha."

Ndati eya, mwana wanga. Chimodzi chokha.

Wadzuka, wapukuta maondo. Ndati thamanga, a Sisitere akufuna zithunzi za pasipoti. Wayenda pang'ono, wacheuka, kenako wathamanga. Ndaima pamlathopo mpaka diresi yasowa pa mabulugama.

Panopa ndi masana. Stelia wabweretsa tiyi, wathira shuga wambiri. Wapita kumjigo.

Hamala ili apa. Zatsala zilembo zitatu.